Galimoto yakale ya pakhomo: tiibwezere momwe inalili kapena tiisinthe injini?

Munthu akamayenda mumsewu wa M5 kuchokera ku Dwangwa, kudutsa ku Kande ndi ku Bandawe mpaka kukafika pa Chintheche, maso ake akapanda kutengeka ndi nyanja yokha, amaona magalimoto akale atagona m'makomo mwa anthu. Apa Land Rover yopanda matayala, yokhazikidwa panjerwa. Apo Peugeot 504 imene nkhuku zinaisandutsa poikira mazira. Uko Datsun kapena Toyota Stout yomerera udzu m'mbali. Ambiri mwa eni ake anatisiya kale, koma mabanja awo safuna kumva zogulitsa. Ogula zitsulo akabwera ndi sikelo yawo amabwerera chimanjamanja, poti pabanja lililonse pamakhala mmodzi amene amalumbira kuti tsiku lina adzaidzutsa.

Tsikulo likakwana, ndalama zitapezeka pang'ono ndipo makaniko ataitanidwa, mpamene pamabuka mkangano. Ena amati galimotoyo ibwerere momwe inatulukira kufakitale: injini yake yomweyo, utoto wake womwewo, mipando ndi nyali zake zomwezo, ngakhale ntchitoyo itatenga zaka. Ena amati zimenezo ndi zoseweretsa za anthu olemera a kunja. Kuno galimoto imadzutsidwa kuti iyende, ndipo ngati injini ya dizilo ya Toyota ingaiyendetse bwino, iikidwe basi. Oyambawo tiwatcha osunga, achiwiriwo osintha. Tiyeni timve mbali zonse tisanagamule mlandu.

Kumene mkanganowu unakulira

Mu 1964 kampani ya Pontiac ku America inatenga galimoto ya msinkhu wapakati n'kuikamo injini yaikulu ya masilinda 8, yoposa malita 6, ndipo inaitcha GTO. Chaka chomwecho, pa 17 April, Ford inaonetsa Mustang ku New York. Dodge Charger ndi Chevrolet Camaro zinatsatira mu 1966. Magalimoto amenewa, amene kwawoko amawatcha muscle car, anali a mtengo wofikirika koma aukali pamsewu, ndipo achinyamata anapenga nawo. Ulemerero wawo sunakhalitse. Malamulo ochepetsa utsi a mu 1970, kukwera kwa inshuwalansi ndi vuto la mafuta la mu 1973 zinawathyola mphamvu. Lero anthu amawafukula m'mashedi n'kumawakonza pang'onopang'ono m'magalaja a pakhomo, ndipo nawonso anagawanika pawiri: ofuna chilichonse chikhale cha chaka chake, ndi oika injini, mabuleki ndi mawaya amakono m'thupi lakale.

Mustang ya zaka zimenezo simungayembekeze kuipeza pakhomo ku Chintheche. Chiwongolero chake chili kumanzere, pamene ife timayenda kumanzere kwa msewu, choncho kupitirira lole pamsewu wopapatiza kungakhale kuika moyo pachiswe. Abale ake a chiwongolero cha kumanja anabadwira ku South Africa, dziko limene Atonga a ku Nkhata Bay akhala akupitako kukagwira ntchito kwa zaka zoposa 100. Ku Johannesburg, Basil Green ankatenga Ford Capri n'kuikamo V8 ya malita 5, ndipo kuyambira mu 1970 inkagulitsidwa ndi dzina lakuti Capri Perana. Mu 1973 kunatuluka Chevrolet Firenza Can-Am, zokwana 100 zokha, ndipo mu 1984 kunabwera Ford Sierra XR8, pafupifupi 250.

Koma amene anadzaza misewu ya kuno anali magalimoto a ntchito: Land Rover, imene inayamba kupangidwa mu 1948, Peugeot 404 ndi 504, zimene ku Kenya anapitiriza kuzilumikiza zitaleka kale kupangidwa ku France, ndi kapikapu ka Datsun 1200, kamene kanadzasanduka Nissan 1400 n'kumapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, mpaka mu 2008. Amenewa ndiwo magalimoto athu akale, ndipo funso limene limavutitsa mwini GTO ndi lomwelo limene likuvutitsa mdzukulu wolandira Land Rover ya agogo ake.

Zimene osunga amanena

Osunga amayamba ndi mbiri. Dera lino ndi la anthu oyenda. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anabadwira m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe, ndipo anthu zikwizikwi a m'mbali mwa nyanja muno anatsata njira ya ku Joni ndi ku Halale, ena paokha, ena kudzera ku Wenela. Obwerako ankafika ndi masuti, njinga, makina osokera ndi wailesi, ndipo ochepa amene zinawayendera ankafika ndi galimoto. Ena anagula zawo konkuno atapuma ntchito m'boma kapena m'maesiteti. Galimoto yotere ndi mboni ya thukuta la munthu. Mdzukulu amene sanawaone agogo ake akhoza kugwira chiwongolero chimene iwo ankagwira, n'kumva kulira kwa injini kumene mudzi wonse unkakuzindikira galimoto isanatulukire pakona. Osunga amati mukazula injini imeneyo, n'kudula chasisi, n'kupaka utoto wonyezimira wa masiku ano, mwatsala ndi chigoba chonyamula dzina lakale koma chosanenanso kanthu za mwini wake.

Mfundo yawo yachiwiri ndi mtengo. Pamsika wa magalimoto akale, chimene wogula amayamba kuyang'ana ndi manambala: kodi injini ili mmenemo ndi imene galimoto inatuluka nayo? Kodi thupi lake linadulidwapo? Mustang ya 1968 imene Steve McQueen anayendetsa mu filimu ya Bullitt inagulitsidwa mu January 2020 pamtengo woposa madola 3 miliyoni, ili ndi utoto wake wosuluka ndi zipsera zake zakale. Palibe akunena kuti Land Rover ya ku Chintheche ingafike pamenepo. Komabe mu 2016 kampani ya Land Rover yeniyeniyo inayamba kusaka magalimoto ake oyambirira m'maiko osiyanasiyana kuti iwakonze n'kuwagulitsanso. Chimene ife timachitcha chiphapha, kwina ndi chuma. Ngakhale konkuno, Chintheche ndi malo a alendo. Chikondwerero cha Lake of Stars chinayambira pa Chintheche Inn mu 2004, ndipo m'mbali mwa nyanja muli malo ogona alendo ambiri. Mlendo kapena mkwati amene akufuna kukwera galimoto yakale amalipirira kuti ndi yakale yeniyeni.

Chachitatu, ndiponso cholemera kwambiri, ndi kapangidwe. Amene anapanga galimoto anayeza zonse pamodzi: mphamvu ya injini, kulimba kwa giyabokosi, mashafiti opita kumawilo, masipuling'i ndi mabuleki. Land Rover ya Series III ya petulo ili ndi injini ya malita 2.25, yotulutsa mphamvu ya mahatchi pafupifupi 70, ndipo mabuleki ake ndi a madiramu kumawilo onse anayi. Mukaikamo injini ya mphamvu yowirikiza kawiri, giyabokosi ndiyo imayamba kulira, kenako mashafiti a kumbuyo amathyoka. Choopsa koposa chili pa mabuleki. Kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Nkhata Bay msewu umatsika mamita pafupifupi 800, wokhotakhota, ndipo mabuleki a madiramu akatentha amaleka kugwira. Walira mvula walira matope: wofuna liwiro wafunanso mabuleki, masipuling'i ndi matayala oyenera liwirolo, koma ambiri ndalama zimawathera pa injini pomwepo.

Chachinayi ndi kuphweka. Injini yakale ya kabuleta ndi mapointi imakonzedwa paliponse ndi sipanala, sikuludilaiva ndi khutu la makaniko. Yamakono ili ndi kompyuta ndi masensa, ndipo ikakana kulira pamafunika munthu wa makina oyezera. Ku South Africa anthu amakonda kuika V8 ya Lexus ya malita 4 m'mapikapu akale, ndipo anyamata obwera ku Joni amaisimba mokoma. Osunga amafunsa kuti: injini imeneyo ikadzazima usiku pakati pa Chintheche ndi Dwangwa chifukwa waya umodzi walowa chinyezi, ndani adzaidzutse?

Pomaliza amatchula malamulo. Nambala ya injini ndi ya chasisi zinalembedwa mu bulubuku. Wosintha injini osakadziwitsa a Road Traffic amadzavutika tsiku lotenga COF kapena logulitsa galimotoyo, ndipo pakagwa ngozi a inshuwalansi amapeza poyambira kukana. Injini yogula pakona, yopanda lisiti, ikhozanso kukhala yakuba, mlandu n'kugwera wogula.

Zimene osintha amayankha

Osintha amayamba ndi nyengo. Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi, n'chifukwa chake tiyi amalimidwa ku Kawalazi ndipo mitengo ya mphira imakula bwino ku Vizara. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, koma chinyezi chokha n'chokwanira kumaliza galimoto. Chasisi chimadyeka kuyambira m'kati, mmene matope a dzinja anatsakamira. Land Rover imapusitsa kwambiri, poti thupi lake ndi la aluminiyamu, losachita dzimbiri lofiira, koma chasisi ndi khoma lolekanitsa injini ndi okwera n'zachitsulo, ndipo paliponse pamene aluminiyamu yakhudzana ndi chitsulo pali chinyezi, imasanduka ufa woyera. Injini yosalizidwa imagwirana, maring'i atamatirira kumasilinda. Makoswe nawo amadya mawaya. Choncho chaka chilichonse chimene wosunga akudikira pisitoni yoyenera kuchokera ku England kapena ku France, dzimbiri likugwira ntchito osapuma.

Kudikirako n'kwautali chifukwa cha ndalama. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki. Kuitanitsa kachipangizo kamodzi kuchokera kunja kumafuna madola, mtengo wotumizira ndi msonkho wa MRA. Pamene injini za dizilo za Toyota, monga 3L ndi 5L, zipangizo zake zili m'mashopu a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, poti ma Hilux ndi maminibasi a Hiace akhala akuyendera zomwezo. Makaniko aliyense wa pa Chintheche anazitsegulapo. Osintha amati galimoto imene zipangizo zake zili pafupi ndiyo imakhala moyo.

Mfundo yawo yachiwiri ndi mafuta. Petulo wa lero si amene injini zakale zinapangidwira. Zambiri zinkadalira petulo wokhala ndi mtovu, umene unkateteza pokhalira mavalavu, koma maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara analeka petulo wotere pofika kumayambiriro kwa 2006. Kuwonjezera apo, petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ethanol inayamba ntchito ku Dwangwa, pamsewu womwewu wa M5. Ethanol amakoka madzi a mumpweya, amayambitsa dzimbiri m'thanki ya galimoto yokhalitsa osayenda, ndipo amawononga mapaipi a mphira akale ndi tizipangizo tofewa ta m'kabuleta. Ndiye kuti ngakhale wosunga wouma mutu amakakamizika kusintha mapaipi ndi pokhalira mavalavu. Ngati zimenezo zikuloledwa, osintha amafunsa, malire anaika ndani? Palinso kamwedwe. V8 ya zaka za m'ma 1960 imayenda makilomita pafupifupi 5 pa lita imodzi, kutanthauza kuti ulendo wochokera ku Chintheche kupita ku Mzuzu ndi kubwerako umadya malita oposa 30, pamene Sienta imapita n'kubwera ndi osafika theka la amenewo. M'dziko limene anthu agonapo pamizere ya mafuta mu 2011 komanso kuyambira mu 2022, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Chachitatu ndi moyo wa anthu. Magalimoto ambiri a zaka za m'ma 1960 ali ndi mabuleki a njira imodzi yokha ya fuluwidi: paipi imodzi ikabooka, mawilo onse anayi ataya buleki nthawi imodzi. America inalamula njira ziwiri chakumapeto kwa zaka zimenezo. Lamba wa pampando wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno anamupanga Nils Bohlin wa ku Volvo mu 1959, koma panapita zaka asanafike m'magalimoto onse. Nyali zakale n'zofooka, chonsecho mumsewu wa M5 usiku mumakhala oyenda pansi, a kabaza ndi mbuzi. Osintha amati kusunga mabuleki ofooka chifukwa chakuti ndi mmene galimoto inalili n'kulemekeza chitsulo kuposa munthu.

Chachinayi ndi ntchito. Bungwe la FIVA, limene limagwirizanitsa okonda magalimoto akale padziko lonse, limati galimoto ya mbiri ndi imene yakwanitsa zaka 30, yasungidwa mogwirizana ndi nthawi yake, ndipo siyendetsedwa tsiku ndi tsiku. Osintha amaseka, amati tanthauzo limenelo analilemba anthu okhala ndi galimoto yachiwiri. Kuno galimoto ya pakhomo siikhala ya munthu mmodzi. Imanyamula usipa ndi matumba a chinangwa, imathamangitsa wodwala kuchipatala pakati pa usiku, ndipo pakagwa maliro imakhala yoyamba kupemphedwa. Banja lingavomere bwanji kuthira ndalama m'galimoto yotuluka pa Khirisimasi pokha?

Pomaliza, osintha nawo amaitana mbiri kuti iwaikire umboni. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa, inalumikizidwa ku Monkey Bay n'kuyamba kuyenda mu 1951. Injini zake zinasinthidwa, zitsulo zake zakhala zikuwotchereredwa, koma ikakocheza pa Nkhata Bay palibe amene amati si Ilala. Ku Havana, ku Cuba, ma Chevrolet ndi ma Ford a zaka za m'ma 1950 akunyamulabe anthu chifukwa zipangizo za ku America zitasiya kubwera, amakaniko anaikamo injini za dizilo za makampani ena. Capri Perana nayonso, yomwe lero osunga amaigwadira, inabadwa pamene munthu anazula injini ina n'kuikamo ina. Ndipo magalimoto a m'makomo mwathuwa ndi angati amene akadali momwe anatulukira? Agogo omwewo, m'zaka zimene zipangizo zinkasowa, anaikamo kabuleta ya galimoto ina ndi mpando wa basi. Kusintha ndi gawo la mbiri ya galimoto ya ku Malawi.

Poyeza mbali ziwirizi

Mbali iliyonse ili ndi pofooka pake. Mfundo ya osunga ya mtengo imagwira ntchito pa magalimoto osowa okha. Datsun 1200 ndi Series III zinapangidwa zochuluka zedi, ndipo ogula a kuno amene angalipire ndalama zambiri chifukwa cha nambala ya injini ndi owerengeka. Mfundo yawo ya kuphweka imakantha V8 ya Lexus, koma siikhudza Toyota 3L, imene pampu yake ya dizilo ilibe kompyuta ndipo mphamvu yake, ya mahatchi pafupifupi 90, siitalikirana kwambiri ndi ya injini yakale. Osunga ambiri salabadiranso mtengo wa kudikira. Amateteza galimoto kwa wowotcherera koma amaisiya pamvula.

Osintha nawo pakamwa amanena za mabuleki, koma taonani kumene ndalama zawo zimapita: injini, marimu onyezimira, masipika, utoto. Mabowo a dzimbiri amawamata ndi phala lija amati fila m'malo modula chitsulo chowola n'kuwotcherera chatsopano, ndipo pakatha dzinja limodzi utoto umayamba kutupa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chitsanzo cha Ilala nachonso sichikwanira bwino, chifukwa injini za sitima zimasinthidwa ndi akatswiri atawerengera kulemera ndi mphamvu, pamene pakhomo nthawi zambiri muyezo umakhala wa diso. Pali tinthu timene wosadziwa amatiiwala. Injini ya petulo imakoka yokha mpweya umene umathandiza busita ya mabuleki, koma ya dizilo imafuna pampu yapadera. Woiwala kulumikiza pampu imeneyo amadzazindikira pamtsetse kuti buleki yauma gwa. Dizilo amakankhanso mwamphamvu injini ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo n'kumene giyabokosi yakale imathyokera mano.

Chodabwitsa n'chakuti FIVA yomweyo, imene osintha amainyoza, inayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi. Chikalata chake cha Turin Charter, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2013, chimavomereza kuti zosintha zimene galimoto inakumana nazo ikugwira ntchito ndi gawo la mbiri yake, ndipo chimalangiza kuti zosintha zatsopano zilembedwe komanso zichitike mwa njira yoti zingabwezedwe. Nzeru imeneyi ingagwire ntchito ku Chintheche monga ku Turin.

Chigamulo

Maganizo anga ndi akuti funso lakuti tisunge kapena tisinthe silingayankhidwe pa galimoto yonse nthawi imodzi. Liyankhidwe chiwalo ndi chiwalo.

Pali ziwalo zoteteza moyo ndi zimene mafuta a lero akutikakamiza: mabuleki, mapaipi a fuluwidi ndi a petulo, matayala, mawaya, nyali, malamba a pampando. Pamenepa osintha apambana, ndipo palibe chokambirana. Zimenezi zisinthidwe, ngakhale pa galimoto yosowa chotani, poti zambiri sizioneka n'komwe kunja ndipo zonse zimamasuka ndi sipanala.

Pali ziwalo zimene zimapanga galimoto kukhala iyoyo: maonekedwe a thupi, chasisi ndi nambala yake, dashibodi, chiwongolero, zizindikiro za kampani, mtundu wa utoto. Pamenepa osunga apambana. Chodulidwa ndi gilayinda sichibwerera, ndipo palibe phindu la ntchito limene munthu amapeza podula denga la 504 kapena pomata nyali za galimoto ina pankhope ya Stout.

Chatsala ndi injini, ndipo yankho lake likudalira galimoto imene muli nayo. Ngati m'banja mwanu muli Land Rover ya Series I, Capri Perana kapena ina yosowa chotero, musaizule injini. Ngati ndalama zoikonzera palibe, imangireni denga, ikwezeni kuchoka padothi, thirani oyilo m'masilinda kudzera m'mabowo a mapulagi, ndipo muzitembenuza injiniyo ndi sipanala nthawi ndi nthawi. Apo ayi, igulitseni kwa amene angaisamale, osati kwa a sikelo. Koma ngati ndi pikapu wamba imene banja likufuna kuti izigwira ntchito, ikanimo dizilo mopanda manyazi, pokhapokha mutsate zinthu zinayi. Mphamvu ya injini yatsopano ikhale yoyandikana ndi ya yakale. Zogwirizira zake zimangidwe ndi mabawuti, chasisi chisadulidwe. Injini yakale isungidwe pouma, yothiridwa oyilo, kuti wina m'tsogolo adzakhale ndi mwayi woibwezera. Ndipo lisiti ya injini yatsopano isungidwe, a Road Traffic adziwitsidwe, zonse zosinthidwa zilembedwe m'kope lokhala limodzi ndi bulubuku.

Dongosolo la ntchito nalo ndi gawo la chigamulochi, chifukwa ambiri amayambira kumapeto. Choyamba ndi mapepala ndi abale. Galimoto ya masiye imakhala ilibe mwini ili panjerwa, koma ikangolira eni ake amachuluka, choncho banja ligwirizane ndipo umwini usinthidwe sipanala isanagwire bawuti. Chachiwiri ndi chasisi: chigogodeni ndi hamala kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo ngati chikuboweka paliponse, werengerani mtengo wake musanagule china chilichonse. Kenako mabuleki ndi chiwongolero, kenako mawaya, kenako injini. Utoto ubwere pomaliza, zonse zitayesedwa pamsewu. Ndipo pogwira ntchito pansi pa galimoto musadalire jeke yokha kapena njerwa zosanjikiza. Ikani zitsulo zochirikizira kapena zipika zolimba, mawilo atatsekeredwa.

Dongosolo limeneli ndi lochedwa ndipo silisangalatsa, poti kwa miyezi yambiri anansi saona chosintha. Koma ndilo limasiyanitsa galimoto yodzutsidwa ndi ngozi yopakidwa utoto. Munthu amene ndalama zake zikukwanira injini koma osakwanira mabuleki, nthawi yake yoyendetsa galimotoyo siinakwane. Ayambe wagula malata a shedi, enawo adzatsatira.